Ma DVD a Richard Burton, ndigule kapena ndisiye?

WaKuCardiff: Abale, ndithandizeni nzeru. Munthu wina kuno akugulitsa mtolo wa ma DVD asanu a Richard Burton, katswiri wa mafilimu wa ku Wales, akuti mapaundi 35. Ndikufuna nditumizire madala anga ku Zomba, poti chionereni The Wild Geese dzina limeneli silichoka pakamwa pawo. Koma filimu imeneyo mumtolomo mulibe. Muli Becket, Cleopatra, Who's Afraid of Virginia Woolf? ndi ena awiri. Ndigule?

NyatwaYaJoni: Osayerekeza! Ine anandidyera R400 mnyamata wina kuno ku Johannesburg, mafilimu akale omwewa. Kufika nawo kunyumba, makina akungolavula. Kumufunsa akuti vuto ndi makina anga. Kupitanso mawa lake, pamalo paja pali mayi wogulitsa masokosi. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Mphunzitsi77: Achimwene, mwina anali a region 1, a ku America. Ma DVD amawagawa m'zigawo. Britain ndi South Africa ndi region 2, Malawi ili mu region 5. Koma timakina totchipa tambiri tili kumudziku timawerenga chilichonse. Funsani kaye madalawo kuti ali ndi makina anji.

NyatwaYaJoni: Region kapena ayi, wakuba ndi wakuba.

BwanaBluRay: Mukulira mapaundi 35? Ine ndili ndi onsewo pa Blu-ray, ndinawononga kuposa 120 ndipo sindinadandaule. Ku Pontrhydyfen ku Wales kumene Burton anabadwira mu 1925 ndinakafikako ndi galimoto yanga. Kamudzi kakang'ono m'chigwa, chimlatho chamiyala chitadutsa pamwamba pa nyumba. Munthu wopata ma Oscar ngati ameneyu sagulidwa motchipa.

Mphunzitsi77: Pamenepo ayi bwana. Anamusankha kasanu ndi kawiri kuti apikisane nawo, koma Oscar sanapatepo ngakhale imodzi. Pa Virginia Woolf ya 1966 amene anapata ndi mkazi wake, Elizabeth Taylor.

BwanaBluRay: Ndiye kuti anamubera. Blu-ray yanga ikuonetsa bwinobwino kuti iyeyo ndi amene ananyamula filimuyo.

AsisiAKuArea25: Inu mukuvutikiranji? Tumizani K5,000 basi, anyamata a pamsika awaikire pa flash. Yotsalayo mugulire madala feteleza.

NyatwaYaJoni: K5,000 yachani, mlamu wanga anaikitsa ndi K1,500.

AsisiAKuArea25: Chaka chiti chimenecho kkkk

WaKuCardiff: Asisi, za pa flash ndinaziganizira, koma anyamatawo ali ndi za karate ndi za ku Nigeria. Mukawauza Becket akuyang'anani ngati mwawatukwana.

AgogoAFilimu: Mwana wanga, ndiyankhepo ine wa msinkhu wa bambo ako. Chimene ukugula kwa Burton ndi mawu ake. Anali mwana wa 12 mwa ana 13, bambo ake ogwira ntchito mumgodi wa malasha, mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka ziwiri, n'kuleredwa ndi mlongo wake ku Port Talbot. Dzina lake lenileni linali Jenkins, ndipo pakhomo ankalankhula chinenero cha ku Wales. Mphunzitsi wake Philip Burton ndiye anamutenga, n'kumusula kalankhulidwe mpaka mnyamatayo anatenga dzina lake. Ukamumva mu Becket akulimbana ndi Peter O'Toole, wina mkulu wa mpingo wina mfumu, thupi limachita tsembwe. Imeneyo yokha ine ndingailipire. Koma Virginia Woolf usawatumizire. Ndi mwamuna ndi mkazi wake ataledzera, kunyozana usiku wonse pamaso pa alendo. Akaiika pali akuluakulu a mpingo, udzayankha mlandu ndiwe.

AsisiAKuArea25: Nanga Cleopatra ya maola anayi ija adzaimaliza ndi magetsi ake ati?

BwanaBluRay: Ndi chifukwa chake ine kumudzi ndinaika sola.

NyatwaYaJoni: Palibe wakufunsani za sola.

Mphunzitsi77: Pa Cleopatra pomwepo ndi pamene chibwenzi chake ndi Taylor chinayambira. Anakwatirana mu 1964, kulekana, n'kudzakwatirananso mu 1975 ku Chobe ku Botswana, pafupi pompa. Mu 1969 anamugulira dayamondi ya ndalama zoposa madola 1 miliyoni. Mowa ndi umene unamufooketsa, anamwalira mu 1984 ku Switzerland ali ndi zaka 58 zokha.

AsisiAKuArea25: Wina kugulira mkazi dayamondi, wina kudandaula ndi mapaundi 35 a bambo ake omubereka.

MlendoWaLeeds: Lowani m'mashopu a zachifundo aja, DVD imodzi ndi paundi imodzi. Sakani Where Eagles Dare ya 1968, ali ndi Clint Eastwood. Munthu wokonda The Wild Geese akufuna mfuti ndi asilikali, osati milandu ya m'banja.

BwanaBluRay: Za paundi imodzi zimakhala zokalikakalika.

MlendoWaLeeds: Zanga zonse zikusewera.

WaKuCardiff: Wogulitsa uja watsika kufika pa 28, koma akukana kugulitsa Becket payokha.

AgogoAFilimu: Tenga.

NyatwaYaJoni: Muuzeni aziseweretse zonse zisanu inu mukuona, musanatulutse ngakhale khobidi.