Tsiku lachinayi panjinga, matako akana

Wofunsa:
Anzanga, ndili pa tsiku lachinayi la ulendo wa masabata atatu. Miyendo ilibe vuto, koma ndikakhala pachishalo ngati ndakhalira makala amoto. Dzulo ndinangopalasa makilomita 40 m'malo mwa 90. Inu munkatani?

Wopalasa wakale:
Achimwene, yambani mwaona chishalocho. Chikakwera kwambiri mumagwedera uku ndi uku, khungu n'kusupuka. Pedulo ikafika pansi, bondo lizikhala lopindika pang'ono. Kabudula wa thonje musavale, amasunga thukuta. Amene mukuvalayo muzichapa madzulo aliwonse, ngakhale mutatopa bwanji.

Mayi wanjinga:
Ine matako anazolowera sabata yachiwiri. Chinandiliza ndi mphepo yochokera kutsogolo, upalasa ngati waima. Ndinkanyamuka m'bandakucha isanayambe kukuntha.

Wofunsa:
Zikomo, ndatsitsa chishalo. Koma pano sipoko yaduka tayala lakumbuyo, ndipo yapadera sindinatenge.