Gulu la Chitukuko cha Kwathu: ndalama ya achimwene a ku Joni ndi nyumba ya chikhalidwe

Wapampando: Moni nonse abale. Achimwene athu a ku Joni atumiza K2 miliyoni dzulo, ati ikhale poyambira nyumba ya chikhalidwe ija tinakambirana chaka chatha. Malo, a gulupu anapereka kale, pafupi ndi bwalo. Komiti ikuti tiumbe njerwa mvula isanagwe. Maganizo anu.

Mayi a ku Kawale: Mulungu awadalitse achimwene. Koma ndalamayo yalowa ku akaunti ya gulu kapena mu foni ya munthu?

Msungichuma: Ku akaunti mayi, osayinira ndi atatu.

Mayi a ku Kawale: Ya mjigo ijanso osayinira anali atatu

Aphunzitsi a ku Area 25: A pampando pepani ine ndikana, ndipo ndikana pompano zisanafike patali. Njerwa ayi. Mumange nyumba muikemo chani? Agogo aja okunga ng'oma atsala okha mudzi wonse, maso sakuonanso bwino, ndipo palibe mnyamata ndi mmodzi yemwe amene amadziwa kusema thunthu lija kuti mbalule ilire mosiyana ndi mpanje, kapena kupaka phula pakati pa chikopa nkuwamba pa moto mpaka mawu akwere. Ine ndinakhala nawo pa khonde mwezi wathawu, akumenya ndi chala chimodzi khutu atagunditsa pa chikopa nkuti iyi sinapse. Zimenezo simungazikhomere pa khoma. Azakhali oumba mbiya aja nawo anasiya chifukwa aliyense akugula ndowa za pulasitiki, mtapo wa dothi unamera thengo. Ndalamayi tiwalipire anthu amenewa mwezi ndi mwezi aziphunzitsa ana Loweruka lililonse pansi pa mtengo pa bwalo pomwepo, tigule zikopa, nsemo, nsalu za a chimtali ndi yunifolomu ya anyamata a mganda. Nyumba idzabwera zoikamo zikadzapezeka.

Wa ku Joni: Atsibweni ndakumvani koma ine ndimafuna chinthu chooneka. Alendo amadutsa pa M1 tsiku ndi tsiku kupita ku Chongoni ndi ku Dedza Pottery, pa Linthipe amangogula mbatata ndi tomato basi nkumapita. Pakhale poima, azilipira pakhomo, amayi azigulitsa malichero ndi mphasa

Aphunzitsi a ku Area 25: Mphwanga sindikunyoza mtima wako, wachita zomwe ambiri muno sitinachite. Koma taona ku Mua. Bambo Claude Boucher atayamba malo a zaluso a Kungoni mu 1976 anayamba ndi anthu osemasema, kuwaphunzitsa ndi kuwapezera msika, nyumba ya Chamare ija yosungiramo zinthu inabwera pambuyo ntchito itakula kale. Ifeyo tikufuna tiyambire ku denga. Ndipo Chongoni ukunenayo UNESCO inaivomereza mu 2006, malo 127 a zojambula pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau, koma funsa ana a sukulu kwathu kuti ndi angati anakwerako ku Mphunzi kapena ku Chentcherere kukaona. Alendo akudziwa za kwathu kuposa ana athu, bvuto ndi limenelo osati kusowa kwa khoma.

Mlembi: Aphunzitsi apatseniko mpata ena

Mnyamata wa ku Bunda: Bwanji tigule kamera ndi laputopu tijambule zonse, nyimbo za chisamba, nthano za agogo, gule yense, tiike pa YouTube ndi TikTok. Sizifuna ndalama zambiri ndipo sizingaonongeke ndi chiswe

Malume a ku Mchesi: Gule yense? Iwe mwana samala pakamwa. Muno muli osavinidwa ambiri sindinena zambiri, koma za ku dambwe sizijambulidwa. Ndipo ndamva mphekesera yoti mu nyumbayo mukufuna muike Kasiyamaliro ndi Chadzunda anthu aziona atalipira. Ameneyo ndi ndani anaganiza? Chilombo chimatuluka pa maliro, pa chiliza, polonga ufumu, chikavina chimabwerera kwao. Mwawafunsa eni mzinda?

Wapampando: Palibe wanena zimenezo malume, ndi mphekesera chabe

Malume a ku Mchesi: Ku Mua aikamo, ndiye ndikudziwa kumene mukupita

Mayi a ku Chinsapo: Ine ngati muli za gule musandiwerengere, ku mpingo sizingamveke. Ndidzasonkha za sukulu.

Aphunzitsi a ku Area 25: Mayi chikhalidwe si gule yekha, nsima yomwe mwaphika lero inalembedwanso ku UNESCO mu 2017, gule wamkulu mu 2005. Chitelera mumavina muli mtsikana chija ndi tchimo? Ndipo malume akunena zoona pa za dambwe, ine ndikugwirizana nawo, nchifukwa chake ndikuti tisathamangire nyumba chifukwa ikangoima alendo adzafuna zilombo ndipo anyamata azidzavina masana aliwonse chifukwa cha ndalama ngati zomwe tikuona m'misewu ya mtauni muno, gule kumapempha ndalama pa ma minibasi. Za kamera ndi zabwino pa nthano, zilape, nyimbo za pamtondo ndi za chimtali, zimenezo jambula mwana wanga mawa lomwe agogo asanatisiye. Zina zija akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, tikawafunse kaye.

Mayi a ku Kawale: Zonsezi nzabwino koma funso langa silinayankhidwe. Mjigo tinasonkha, malata a buloko ya sukulu tinasonkha, ya basi yopita ku Kulamba ku Mkaika tinasonkha basi osabwera anthu atavala kale zitenje akudikira pa depoti mpaka dzuwa kulowa. Lipoti lili kuti?

Msungichuma: Ya basi inabwezedwa mayi musandiipitsire mbiri

Mayi a ku Kawale: Inabwezedwa kwa ndani? Ine yanga sindinaione, alamu anga sanaione

Msungichuma: Nthawi imeneyo msungichuma sindinali ine

Malume a ku Mchesi: Koma munali mu komiti

Wa ku Joni: Abale ine ndatuluka thukuta kuti ndipeze ndalama imeneyi, ngati kuli kukangana chonchi ndiuzeni ndiitenge ndikafolere nyumba ya amayi

Aphunzitsi a ku Area 25: Usatero mphwanga. A pampando ndikupempha zinthu ziwiri. Kabuku ka ndalama kuyambira za mjigo kajambulidwe tsamba ndi tsamba kaikidwe muno aliyense aone. Chachiwiri ndalama ya mphwangayu isakhudzidwe mpaka tipite kumudzi tikakhale pansi ndi a gulupu, anamkungwi ndi agogo okunga ng'oma aja, chifukwa tikukangana kuno ku Lilongwe pa zinthu za eni ake osawafunsa. Ine transipoti yanga ndilipira ndekha.

Mlembi: Kabuku kakale kanatsala ndi komiti yakale

Mayi a ku Kawale: Mwamva?

Wapampando: Tikumane Lamulungu 2 koloko kwa a Mlembi ku Biwi tikambirane maso ndi maso. Njerwa ziyembekeze kaye.

Mayi a ku Chinsapo: Lamulungu ena tili ku kwaya

Malume a ku Mchesi: Ine ndibwera pokhapokha a komiti yakale aitanidwenso, abwere ndi kabukuko