Bala la chipolopolo pa katumba: tisoke kapena tisiye lotsegula?

Chikondi: Akuluakulu, thandizeni. Tili ndi mlonda wa ku esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, wawomberedwa pa katumba wa kumanja cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Polowera chipolopolo ndi kabowo kakang'ono, potulukira pokulirapo pang'ono. Anavala ovololo, jinzi mkati, ndi gambutsi. Magazi asiya, phazi ndi lofunda, pulse (kugunda kwa magazi m'mtsempha) ikumveka. Nditsuke n'kusoka?

A Mulole, a mafupa: Musasoke, achimwene. Kabowo ka pakhungu sikakuuzani zimene zachitika mkati. Yambani mwafunsa mtundu wa mfuti ndi kutalika kwa pomwe anaima wowomberayo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya chipolopolo imawirikiza kanayi. Cha pisito ya 9mm chimachoka pa mamita 350 kapena 400 pa sekondi, cha AK-47 chimaposa 700. Chothamanga chotere chimakankhira minofu m'mbali, pamatseguka mphako kwa kanthawi kochepa zedi, ndipo mphakoyo imayamwa mpweya, ulusi ndi dothi kudzera m'mabowo onse awiri. Komanso chipolopolo sichiphera majeremusi ndi kutentha kwake monga ena amaganizira.

Chikondi: Apolisi akuganiza kuti ndi AK. Nanga bwanji potulukira sipanang'ambike kwambiri?

A Mulole: Cha AK chokhala ndi chitsulo mkati chimatha kuyenda masentimita pafupifupi 25 m'mnofu chisanapidiguke. Katumba sakula choncho, ndiye chimadutsa chili chowongoka, bala n'kuoneka laulemu. Koma chikagunda fupa, kapena chikafika chitayamba kale kupendama chifukwa chakhudza chitseko kaya lata, chimagudubuka kapena kusweka, ndipo tizidutswa ta fupa timadzicheka njira zathu. N'chifukwa chake X-ray ikhale ya mbali ziwiri, ionetse bondo ndi kakolo, mumate kapepala klipu pa bowo lililonse.

Sisita Nangondo: Zovalazo musataye, a Chikondi. Muziyale patebulo, muyang'ane bowo la pa ovololo, la pa jinzi ndi la pa gambutsi. Mphepete zikakana kukumana, kansalu kosowako kali m'mwendo. Thonje silioneka pa X-ray, ndipo gambutsi ya m'munda wa tiyi imabwera ndi matope ake, ndiye kafumbata ndi gas gangrene (kuola kwa minofu kotulutsa mpweya) zili pafupi. Podula zovala lambalalani mabowo, ziume, zilowe m'thumba la pepala osati jumbo, apolisi adzazifuna. Katemera wa kafumbata 0.5 ml tsopano lino. Antibiotic wa m'mtsempha ayambe asanapite ku thiyeta.

A Mulole: Zoona sisita. Benzylpenicillin 5 MU (mayunitsi 5 miliyoni) maola 6 aliwonse, kapena ceftriaxone ngati ndi amene alipo. Ku thiyeta kulitsani bala motsata kutalika kwa mwendo, tsegulani fascia (kachikopa kolimba kokuta minofu). Khungu mudule pang'ono chabe. Mnofu muuyese: wakuda, wofewa ngati phala, wosadumpha mukautsina ndi forceps, wosatuluka magazi, umenewo wafa, uchoke. Fupa losalumikizana ndi mnofu lichokenso. Tsukani ndi saline malita osachepera 3, ochulukirapo fupa likathyoka. Ikani gauze wouma mosapanikiza. Kudinda gauze ngati mukutseka botolo kumatsekera mafinya mkati. Kusoka kudikire tsiku la 4 mpaka la 7, bala likaoneka lofiira bwino. Chipolopolo chotsalira musachisake pokhapokha chili m'mfundo kapena pa mtsempha.

Dr. Kaliati: Pulse isakugonetseni tulo. M'munsi mwa bondo muli ma compartment anayi (zipinda za minofu zokutidwa ndi fascia), ndipo pulse imatha mochedwa, minofu itayamba kale kufa. Ola lililonse pindani zala za kuphazi m'mwamba ndi pansi. Akakuwa, katumba ali gwa, ululu ukukana ngakhale mankhwala amphamvu a pethidine, kapena pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri pachita dzanzi, ndi fasciotomy (kung'amba fascia kuti minofu yotupa isafinyike) ya mbali ziwiri, osadikira kuti kuche. Yezaninso BP ya pakakolo mugawe ndi ya pamkono; yankho likachepera 0.9, kayikirani kuti mtsempha wa magazi wavulala, imbani ku chipatala chachikulu cha Queens ambulansi isananyamuke. Chikhakha chozungulira ayi, back slab (chikhakha cha kumbuyo kwa mwendo) yokha.

Chikondi: X-ray yatuluka. Fibula (fupa laling'ono la m'munsi mwa bondo) yasweka tizidutswa, tibia (fupa lalikulu) ili bwino, chitsulo mulibe. Pa jinzi pakusowadi kansalu ngati kakobiri. Ndamuuza wa anaesthesia, tikulowa naye pompano.

Sisita Nangondo: Lembani pa fayilo ndi pa bandeji tsiku lotsegulanso bala, a pawodi asalivundukule m'mawa uliwonse pokhapokha litanunkha kapena thupi litatentha.