Amalume akuti mchimwene wanga asiye mapiritsi a matenda a maganizo, ati vuto ndi makemikolo a m'zakudya. Ndithandizeni nzeru

Wobisa dzina:
A Admin, ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali anthu akwathu ambiri.

Ndine mayi wa ku Ntcheu, cha ku Lizulu. Mchimwene wanga wamng'ono, wa zaka 24, anasokonekera mutu chaka chatha. Ankachezera usiku wonse akuyankhula yekha, mpaka tsiku lina anamwaza kabichi ndi tomato wake pamsika, ati anthu amuthirira mankhwala. Tinapita naye kuchipatala, anamugoneka, potuluka anamupatsa mapiritsi akumwa madzulo. Panopa amatizindikira tonse ndipo amacheza, koma wanenepa, amangokhalira kugona, geni anaisiya.

Nkhani yavuta ndi amalume. Anamva voice note pa WhatsApp yonena kuti misala yachuluka masiku ano chifukwa cha makemikolo a m'zakudya za m'mapaketi: utoto wa m'majuwisi, makyubu othira mu ndiwo, jigisi ndi zina zotero. Kunena zoona, asanadwale mnyamatayu ankadya zomwezo. M'mawa chipisi cha pachiwaya, masana jigisi ndi juwisi wa ufa uja wosungunula m'botolo, usiku zakumwa za energy kuti asagone podikira malole a katundu. Ndiye amalume alamula kuti asiye mapiritsi azingodya zakudimba, poizoni achoke m'thupi. Amayi avomera, ati mapiritsiwo angomufoola mwana wawo. Ine mtima ukukana, koma eni mbumba ndi iwowo.

China chomwe chikundidetsa nkhawa: khungu lake lada pakhosi ndi pamikono, likusenda, ndipo amatsegula m'mimba pafupipafupi. Amalume akuti ndi poizoni uja akutuluka. Kodi zakudya zingamudwalitsedi munthu chonchi? Akasintha kadyedwe angasiye mankhwala?

Mwana wa ku Tsangano:
Asisi tisanapite kutali, chamba sasuta? Anyamata ambiri a pamsika timawadziwa. Tisanamizire jigisi.

Wobisa dzina:
Chamba amakana, ndipo anzake akuti sanamuonepo. Kachasu ndiye ankamwa, makamaka nthawi yozizira.

Mayi a Mvano:
Pepani mayi, tikukupemphererani. Koma mapemphero ndi chipatala sizilimbana, musamusiyitse mankhwala.

Namwino wopuma, Dedza boma:
Mwana wanga, mapiritsiwo asasiye. Ndaona mabanja ambiri akubweranso ndi wodwala atamumanga zingwe chifukwa chosiya mankhwala ataona kuti wayamba kupeza bwino. Amatha kukhala bwinobwino masabata angapo, nonse n'kumati amalume ananena zoona, kenaka matenda n'kubwerera mwamphamvu. Kunenepa ndi tulo zimabweradi ndi ena mwa mankhwalawa, monga chlorpromazine. Zimenezo mukawauze a za matenda a maganizo kuchipatala. Amatha kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kumuika pa jakisoni wa pamwezi. Koma achite zimenezo ndi iwowo, osati inu kunyumba.

Za khungu ndiye zandiimitsa. Mundiyankhe: kudako kuli malo okhawo owombedwa ndi dzuwa, mbali zonse ziwiri mofanana? Pakhosi kwazungulira ngati mkanda? Lilime lafiira kapena lili ndi zilonda? Ndipo masiku ano kunyumba akudya chiyani?

Wobisa dzina:
Amayi, mwanena ngati mwamuona. Mikono yonse iwiri kuyambira pomwe malaya athera, ndi pakhosi. Amadandaula kuti m'kamwa mukuwawa. Akudya nsima ya ufa woyera ndi kabichi kapena mpiru, mwina mbatatesi. Mtedza ndi nyemba amayi anagulitsa zonse nthawi yomwe ankadwala ija.

Namwino wopuma, Dedza boma:
Musadikire tsiku la kiliniki, pitani naye mawa. Zizindikirozo zikufanana ndi chiwawu, matenda obwera thupi likasowa niacin, yemwe ndi vitamini B3. Chiwawu chimagwira khungu, m'mimba ndi ubongo. Munthu amayamba kukwiyakwiya, kuiwala, kukhumudwa, chikakula amasokonekera ndithu, ndipo osathandizidwa chimapha. Chimakonda anthu odalira chimanga chokha, chifukwa niacin wa m'chimanga thupi limalephera kumutenga bwino. Ufa woyera ndiye wosaukitsitsa, poti tikakonola n'kuviika mphale zabwino zambiri zimapita ndi madeya ndi madzi aja. Mowa umawonjezera vutoli, komanso mankhwala a TB otchedwa isoniazid, choncho ngati anamwapo mukanene.

Koma ndisakunamizeni kuti ndamupima pa foni. Chlorpromazine yemweyo amachititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Wosiyanitsa ziwirizi ndi dokotala amene amuone ndi maso. Mutenge kabuku kake ka kuchipatala ndi mapiritsi onse omwe akumwa. Chikakhala chiwawu mankhwala ake ndi mapiritsi a vitamini, ndipo kusintha kumaoneka pa masiku ochepa. Dziwaninso kuti munthu atha kukhala ndi zonse ziwiri, chiwawu ndi matenda a maganizo aja, aliwonse ofuna chithandizo chake.

Mkulu wa ku Biriwiri:
Anamwino akunena zoona. Ife akuluakulu tikukumbuka nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pomwe abale athu othawa nkhondo adadzaza m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Ntcheu mpaka ku Dedza. Chakudya chawo chidali cholandira: ufa, nyemba pang'ono, mafuta, mtedza. Mtedza utasiya kubwera, chiwawu chidabuka pakati pa othawa nkhondo m'dziko muno, mu 1990 mokha anthu opitirira 18,000 adadwala. Padalibe jigisi pamenepo, padalibe juwisi wa m'mapaketi. Chidawadwalitsa ndi chomwe chidasowa m'mbale. Uwauze amalume akowo kuti zakudimba zomwe akunenazo, ngati ndi nsima ndi kabichi basi, amupweteka mwana.

Chikondi cha Ngoma:
Inu mukuikira kumbuyo makampani. Makolo athu ankadya mawere, chisoso, nkhwani wotendera, misala yonseyi kunalibe. Lero chilichonse chili ndi manambala a E, osonyeza makemikolo omwe athiramo, kuseri kwa paketi. Amalumewo ali ndi nzeru.

Mwana wa ku Tsangano:
Kunalibe misala? Nanga chipatala cha ku Zomba anamangira ndani nthawi ya atsamunda? Kunali mafilizesi nthawi imeneyo?

Wa za kadyedwe, ndinaphunzira ku Bunda:
A Chikondi cha Ngoma, mbali ina mukulondola, koma voice note ija yalumpha patali. Ndinene zomwe zinafufuzidwadi.

Za utoto wa m'zakudya, kafukufuku wotchuka anachitika ku Southampton, ku England, ndipo anatuluka mu 2007. Ana pafupifupi 300, ena a zaka 3, ena a zaka 8 ndi 9, anawamwetsa zakumwa zosakaniza utoto monga tartrazine, amene pa paketi amalembedwa E102, ndi sunset yellow, E110, pamodzi ndi sodium benzoate woteteza kuti chakumwa chisawonongeke. Ena mwa anawo anayamba kutakataka kwambiri ndi kulephera kukhazikika. Kusinthako kunali kochepa, komabe kuyambira 2010 mayiko a European Union amalamula kuti zakudya za utoto umenewu zikhale ndi chenjezo. Taonani bwino: nkhaniyo ndi ya ana kusakhazikika. Munthu wamkulu kumva mawu kapena kuganiza kuti akumuthirira mankhwala ndi matenda ena, ndipo umboni woti amabwera ndi utoto kapena makyubu a mu ndiwo palibe.

Pa zonse zomwe achimwene anuwo ankamwa, ine ndingaloze energy ndi kachasu. Kachitini kamodzi ka energy ka 250ml kamakhala ndi caffeine wofanana ndi wa m'kapu ya khofi. Ukamwa zingapo usiku uliwonse tulo timatha, mtima umathamanga, nkhawa imakula. Kwa munthu amene ali kale pachiopsezo cha matenda a maganizo, kusagona masiku otsatizana kumatha kuwadzutsa. Zimenezo asiyiretu, ngakhale atachira.

Nanga chakudya chabwino chimathandiza? Eya. Ku Australia mu 2017 anatulutsa zotsatira za anthu 67 odwala matenda okhumudwa. Ena anawaphunzitsa kudya masamba, nyemba, nsomba, zipatso ndi mbewu zosakonola kwa masabata 12, ena ankangocheza nawo. Mwa osintha kadyedwe, 32 pa 100 aliwonse anapeza bwino kwambiri, pomwe gulu linalo anali 8 pa 100. Anthuwo anali ochepa, matenda ake ndi osiyana ndi a achimwene anu, ndipo chachikulu, amene anali pa mankhwala sanawasiyitse. Chakudya chinangowonjezera pa chithandizo chomwe ankalandira.

Kunyumba yambani ndi zotheka. Mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ngakhale kusakaniza ngati akuukana. Nsinjiro mu ndiwo ndi m'phala tsiku lililonse, poti mtedza uli ndi niacin wambiri, bola usakhale wachuku. Nyemba, khobwe, soya. Usipa, bonya kapena dzira pamene mwapeza ndalama, chifukwa vitamini B12 amapezeka mu zanyama, ndipo naye akasowa munthu amaiwalaiwala, kufooka ndi kukhumudwa. Poti mapiritsi akumunenepetsa, chepetsani shuga ndi zokazinga, ndipo aziyendako.

Chikondi cha Ngoma:
Ndiye mwavomera nokha kuti chakudya cha makolo n'chabwino.

Wa za kadyedwe, ndinaphunzira ku Bunda:
Ndavomera ndi manja awiri. Chomwe ndikukana ndi kutaya mapiritsi.

Bambo a ana atatu, Lobi:
Alongo, ine ndinena za amalume chifukwa nane ndine malume wa anthu. Mukakangowauza kuti pa Facebook akuti mwalakwa, basi mwawataya. Munthu wamkulu safuna kugonja pamaso pa mbumba yake. Pitani mukawauze kuti za kadyedwe zija mwazimva ndipo muyamba lero, koma mukupempha akuperekezeni kuchipatala kuti akafunse okha za mapiritsi. Akamva kuchokera kwa dokotala, akabwera akunena ngati nzeru ndi zawo. Komanso poti akufuna mphwawo adye bwino, athandizeko ndowa ya mtedza, asangolamula.

Dada wa Kabaza:
Kkkkk ndowa ya mtedza ija ndiye amalume asintha nkhani. Koma zoona, ine energy ndinasiya, ndinkanjenjemera manja pa njinga.

Mlongo wa ku Mayani:
Pa zonsezi mwini wake mwamufunsa? Ndi munthu wamkulu, ali ndi zaka 24. Ine ndimamwa mankhwala a maganizo, ndipo chimandiwawa kwambiri ndi abale kukambirana za ine ngati palibe. Mwina iyeyo tulo tikumusowetsa mtendere ndipo akufuna kubwerera ku geni yake. Akalankhule yekha kwa adokotala. Ngati mungadzafune kwina kofunsa, ku Lilongwe kuli St John of God, amaona matenda omwewa.

Wobisa dzina:
Zikomo nonse. Ndacheza naye madzulo ano monga mwanenera a ku Mayani. Akuti mapiritsi sakufuna kusiya chifukwa akuopa zija zibwerera, koma tulo tamutopetsa, ndipo m'kamwa mukumuwawa moti nsima akungoidya mokakamiza. Amalume ndawaimbira, avomera kutiperekeza mawa, ati akufuna akawafunse adokotalawo maso ndi maso. Anamwino, kodi apite osadya kuti mwina akamutenga magazi? Nanga mapiritsi a lero amwe?

Namwino wopuma, Dedza boma:
Amwe monga mwa masiku onse, ndipo m'mawa adye phala lothira nsinjiro. Avale malaya a manja aatali ndi chipewa chifukwa cha dzuwa, koma akafika avule awaonetse mikono ndi pakhosi. Za kutsegula m'mimba ndi za kachasu musabise. Mukabwerako mutiuze zomwe anena.