Za tayala lija ndinafunsa

Abale, mwezi watha ndinafunsa kuti pa mota yanga, njinga yamoto ya 150cc, ndiike tayala lanji kumbuyo, la mano akuluakulu kapena la pa tala, poti ndimayenda kwambiri msewu wafumbi wa ku Domue koma nthawi zina ndimatsika ku Tete. Ambiri munati la mano, ndiye ndinagula la saizi 3.00-18 pa Ulongue pompa, kutsogolo ndinasiya lakale lomwe lija.

M'matopemu likugwira heavy, ngakhale nditamanga matumba awiri a mbatatesi kumbuyo silikuterera ngati kale. Koma pa tala eee, likulira ngati chigayo, ndipo nditangodutsa Moatize kulowa m'kutentha kwa ku Tete kuja mumachita kumva mota ikunjenjemera, pobwera ndinaona kuti mano apakati ayamba kale kudyeka. Mukadandiuzatu zimenezi achimwene.

China, amene anandiikira tayala anamangitsa tcheni kwambiri mpaka chinkalira, amakanika ena ndi amene anachimasula nkundionetsa kuti chizisewera masentimita awiri kapena atatu pakati pake. Anati ndisiyenso kuthirapo oyilo wakuda wotsala mu injini, amangoitana mchenga nkumadya sipuloketi. Filita ya mpweya inali itatsekeka ndi fumbi, nchifukwa chake petulo ankangotha, ine nkumanamizira kabyuleta.

Mpweya ndikumayeza m'mawa tayala lisanatenthe. Lakutsogolo ndisintha ndikagulitsa soya, mwina ndiika la mano ang'onoang'ono.