Soya wathu tigulitse pano kapena tisunge?

Mlembi wa kalabu: Akuluakulu, tithandizeni masamu. Kalabu yathu ya ku Ekwendeni yakolola matumba 120 a makilo 50 pa maekala 15. M'buku mwalembedwa kuti ekala imodzi inadya K280,000. Venda akufuna kugula pa K1,050 pa kilo. Ena akuti tigulitse, ena akuti tidikire Seputembala. Tilinso ndi ngongole ya K1,500,000 ku banki mkhonde, chiwongoladzanja 10% pamwezi.

Bambo a Chisomo: A Mlembi, mu K280,000 muli chiyani? Mabuku ambiri a makalabu amalemba mbewu, inoculant (ufa wosakaniza ndi mbewu pobzala), ganyu wolima ndi wopalira, basi. Kuzula, kumenya, kupeta, matumba, ngolo yochokera kumunda, ndiponso thukuta la eni munda, zonsezi zimasiyidwa ngati zaulere.

Mlembi wa kalabu: Zoona, sitinalembe. Ndawerengera tsopano, zikukwana pafupifupi K120,000 pa ekala.

Bambo a Chisomo: Ndiye ekala yadya K400,000, ndipo mwapeza makilo 400 pa ekala. Kilo imodzi yakudyerani K1,000, osati K700 monga bukulo likunenera. Pa mtengo wa vendayo phindu ndi K50 pa kilo, K300,000 kalabu yonse. Ya sopo chabe.

Mayi a Tadala: Musanakambe zosunga, mwayeza chinyezi? Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kutha, Epulo kumagwabe, ndiye soya amalowa m'thumba asanaume. Wosunga amafunika 12 kapena 13%. Ngati palibe makina oyezera, lumani njere: youma imasweka ndi kaphokoso, yonyowa imangophwanyika ngati mtedza wauwisi. Mukasoka matumba ali chonchi, adzachita nkhungu ndi kuda, ogula adzakudulani mtengo kapena kukana kumene.

Mlembi wa kalabu: Tabwereka makina kwa alangizi, akuonetsa 16%.

Mayi a Tadala: Apotu mukugulitsa madzi. Kuchoka pa 16 kufika pa 12, makilo 100 aliwonse amatsala 95 ndi theka. Pa matani 6 anuwo mutaya makilo pafupifupi 270, matumba asanu ndi theka. Choncho K1,050 ya lero ikufanana ndi K1,100 soyayo atauma. Tsono ngongole: miyezi inayi pa 10% ndi K600,000, kawiri phindu lija. Gulitsani matumba 30 pompano, mupeza K1,575,000, ngongole ithe. Otsala 90 muyanike pa lona masiku angapo adzuwa, osati pa dothi, kenako muwasanje pa mapaleti, motalikirana ndi khoma. Ubwino wa soya, anankafumbwe samuvuta ngati chimanga. Adani ake ndi chinyezi ndi makoswe.

Mlangizi: Ndikugwirizana ndi Mayi a Tadala. Pogulitsa 30 amenewo onani kuti sikelo ili ndi chidindo cha MBS, bungwe loona za miyezo, ndipo yesani kaye thumba limodzi pa sikelo yanu. Fananizaninso mtengowo ndi umene Unduna wa Zaulimi walengeza chaka chino. Pa 90 otsalawo funsani mtengo kumafakitale a mafuta ndi chakudya cha nkhuku ku Kanengo, koma muchotsepo thiransipoti, paja Lilongwe ndi makilomita oposa 300. Kusunga si phindu lotsimikizika ayi: boma likatseka zogulitsa kunja, mtengo umatha kukhala pansi mpaka chaka kutha.

Koma bala lenileni ndi makilo 400 pa ekala. Munabzala bwanji?

Mlembi wa kalabu: Mzere umodzi pa mzera, mbewu yosunga chaka chatha, makilo 20 pa ekala.

Mlangizi: Ndi pamenepo. Mizera italikirane masentimita 75, pamwamba pake mizere iwiri, njere imodzi pa masentimita 5 aliwonse. Zimafuna makilo 30 kapena kuposa pang'ono pa ekala. Mbewu ya soya imafa msanga ikasungidwa, ndiye yesani njere 100 pa nsalu yonyowa. Zikamera zosakwana 80, gulani ina. Inoculant musakanize pamthunzi, mubzale tsiku lomwelo. Maluwa akayamba, muzitembenuza masamba am'munsi kufuna dzimbiri, matenda amene anagwetsa zokolola mu 2023. Mankhwala amathandiza mukapopera asanafalikire. Soya wa mtundu wa Tikolore amacha msanga, koma mukachedwa kuzula, makoko amathetheka njere n'kutayikira pansi. Zonsezi zikakweza ndalama zolowa kufika K450,000 koma n'kukolola makilo 700, kilo imodzi ikudyerani K643.

Bambo a Chisomo: A Mlembi, chaka chino mutsegule tsamba la ganyu wa pabanja. Ndipo popeza kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo n'kusokonekera, pambali pa ndalama muzilembanso kuti chinthucho chadya makilo angati a soya.

Mlembi wa kalabu: Zikomo nonse. Matumba 30 tiyeza Lachisanu, malona tabwereka kale awiri.