Ndifuna kumanga kompyuta ya pa tebulo koyamba, ndithandizeni ndisataye ndalama

Jombo_wa_ku_Mchini:

Muli bwanji nonse. Ine ndimajambula mavidiyo a maukwati, makitchen pati ndi zinkhoswe kuno ku Chipata, nthawi zina amandiitana mpaka ku Chadiza kapena ku Katete. Vuto langa ndi laputopu. Ndikangoyika vidiyo ya ukwati wa tsiku lonse fani imayamba kulira ngati chigayo, pansi pake kutentha moti mutha kuwotcherapo chimanga, kenako zii yazima yokha ntchito ili pakati. August yapitayi ndinakajambula Kulamba ku Mkaika, kavidiyo ka mphindi 20 chabe kananditengera masiku anayi, mwini wake kundiimbira foni m'mawa ndi madzulo mpaka ndinayamba kuopa foni yanga yomwe.

Ndiye ndasunga K14,000 ya kuno ku Zambia, monita ndili nayo kale ndi kiyibodi yomwe. Mnzanga wina akuti ndigule zidutswa ndimange ndekha zimatchipa, koma ine chibadwire sindinatsegulepo kesi ya kompyuta. Pa Facebook wina akugulitsa purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 5600, wina motherboard (bodi yolumikiza zidutswa zonse) ya H610, wina RAM (memori yogwirira ntchito) ya DDR5 akuti ndiye yothamanga kwambiri, ndimafuna ndingotenga zitatuzi ndiphatikize. Zitheka? Nanga graphics card (khadi yoyendetsa zithunzi pa monita) ndiyofunikadi kapena anthu angondiopseza? Poedita mavidiyo ndimagwiritsa CapCut, koma ndifuna ndiphunzire DaVinci Resolve.

Mdala_wa_Mawaya:

Mwana wa kwathu, ima kaye usanatumize ndalama pa Airtel Money. Zitatu watchulazo sizikwatirana ngakhale pang'ono. Ryzen 5 5600 ndi ya AMD, imakhala pa soketi (pokhazika purosesa pa bodi) ya AM4. H610 ndi bodi ya Intel, soketi yake LGA1700. Ndiye DDR5 yo pa AM4 siyilowa, AM4 imadya DDR4 basi, ndipo kampata ka pa RAM kali malo osiyana moti ukakakamiza uthyola chabe. Ukanagula ukanakhala ndi katundu atatu okongola oika pa display cabinet.

Yamba ndi purosesa, ndiyo imakuuza bodi yoti ugule, bodi nayo imakuuza RAM. Osayambira kumchira.

Pa ndalama zakozo njira ndikuona ziwiri. Yoyamba Intel Core i5-12400, ma core 6, pa bodi ya H610 kapena B660 ya DDR4 (yang'ana pa katoni, mabodi a LGA1700 ena ndi a DDR4 ena a DDR5). Yachiwiri Ryzen 5 5600G pa bodi ya B550 kapena B450, nayonso ma core 6. Tcheru pa zilembo za kumapeto. Kwa Intel ukaona F, monga 12400F, ilibe graphics mkati, popanda khadi monita siionetsa kanthu. Kwa AMD pa AM4 ndi mosemphana, yokhala ndi G ndiye ili ndi graphics, 5600 yopanda G ija akukutsatsa ilibe. Ine pa ntchito ya mavidiyo ndikanatenga 12400 yopanda F, chifukwa ili ndi Quick Sync yomwe imapeputsa mavidiyo a H.264 ndi H.265, ndipo ndi omwe amatuluka m'mafoni ndi m'makamera ambiri. Ukasankha B450 funsa ngati BIOS (kapulogalamu ka mu bodi koyatsa kompyuta) anaikonza kale kuti ilandire ma Ryzen 5000, mabodi akale ena sayaka mpaka atapanga update, ndipo nthawi zambiri pamafunika purosesa yakale yoyatsira, uipeza kuti kuno?

RAM tenga 16GB koma timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16, kuti iziyenda dual channel, ndiye kuti mothamangirapo. Bodi ikakhala ya mipata inayi nthawi zambiri umaika wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa, kabuku ka m'katoni kamanena. SSD (mosungira mafayilo mothamanga) ya NVMe, kaja konga chingamu kolowa pa mpata wa M.2 pa bodi, ya 1TB ngati thumba lilola. Mavidiyo omaliza uzisunga pa hard drive ina, osadzaza SSD ndi maukwati a chaka chatha.

Tsopano apa ndi pomwe ndifuna undimvere bwino, chifukwa anyamata a pa YouTube aja amamangira m'nyumba zomwe malaiti sathima. Ife si choncho. Unaona wekha 2024 madzi atachepa ku Kariba, tinkakhala tsiku lathunthu osaona malaiti, ndipo choopsa si kupita kwake ai, ndi pobwera, amabwera ndi ukali. Pawa saplai (kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta) ndiye chinthu anthu amachinyoza, amagula kesi yobwera ndi kabokosi kake kolembedwa 500W koma ukakanyamula kopepuka ngati paketi ya machesi. Ine ndinakamangirapo munthu zaka zapitazo chifukwa anakana kuwonjezera ndalama, patangopita miyezi iwiri malaiti anabwera usiku, phuu, kafungo ka pulasitiki nyumba yonse, kanapita ndi bodi ndi hard drive yomwe munali zithunzi za ukwati wa mlongo wake. Mpaka lero tikakumana pa Saturday market moni wake ndi wa pakhosi. Gula ya dzina lodziwika, Corsair, Seasonic, Cooler Master, ya 550W kapena 650W yokhala ndi 80 Plus Bronze. Chizindikirocho kwenikweni chimanena za kusawononga magetsi, koma chimakuthandizako kusiyanitsa ndi tija topanda dzina.

Ndiye UPS, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi malaiti akathima. Usanyengedwe ndi nambala ya VA, ya 650VA imanyamula mawati cha m'ma 360 chabe. Ntchito yake si yoti uzipitiriza kuedita, ndi yoti upeze mphindi zosevera ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino. Graphics card isiye kaye. CapCut iyenda. Resolve ndiye imakonda khadi zoona, koma udzagula ukajambula maukwati ena atatu anayi, mpata wake pa bodi udzakudikira, ndiye chifukwa chake ndikuti pawa ikhale ya 550W kupita m'mwamba kuyambira lero. RTX 3060 mwachitsanzo imakoka cha m'ma 170W payokha.

NaPhiri_Katete:

Amdala anena zonse koma ndiwonjezereko za tsiku lomanga lenilenilo, poti ine ndinamanga yanga ya pa shopu yosindikizira ndipo ndinalira misozi yeniyeni. Ndinayala chitenje pa tebulo, zonse ndamanga, mawaya ndamanga bwino ndi tizingwe, kudina batani... mafani akuzungulira koma monita bii. Ndinati basi ndalama zanga zapita, ndinakagona osadya nsima. Kutacha mwana wa achemwali anga wa Grade 11 anangoyang'ana nkunena kuti anti RAM yi siinalowe, anakankha ndi zala ziwiri mpaka kumveka kuti thwa, kuyatsa, logo iyo. RAM imafuna mphamvu kuposa momwe mtima wako ukukuuzira, umaopa kuti uthyola koma kankha mpaka kaloko katseke kokha.

Purosesa ndiye ai, imeneyo siyikankhidwa. Pali katirayango pa kona, ulinganize ndi ka pa soketi, ingoyikhazika igwere yokha. Ukatenga ya Intel yo timapini tili pa bodi, tosalimba ngati ubweya wa mwanapiye, osagwetsapo sikuludiraiva ndipo kachivundikiro kakuda kaja usataye. Pa AM4 timapini tili kumimba kwa purosesa.

Zina zing'onozing'ono zomwe palibe anandiuza. Kachitsulo ka kumbuyo komwe kumatulukira ma USB uike mu kesi bodi isanalowe, ine ndinaiwala ndinachita kumasula zonse. Bodi imakhala pa timiyendo ta mkuwa, isagunde chitsulo cha kesi. Kupatula waya wamkulu wa mapini 24 palinso wina wa 8 wa purosesa kumtunda pa kona, ambiri amauiwala, ndipo usausokoneze ndi wa graphics card wolembedwa PCIe, amafanana nkhope koma si amodzi. Fani yobwera m'katoni ya purosesa imakhala ndi phala lake lothandiza kuchotsa kutentha lopakidwa kale pansi, osapukuta, osawonjezeranso lina. Musanagwire chilichonse gwirani kaye chitsulo cha kesi, makamaka nyengo youma ino. Ndipo yesani zonse bodi ili pamwamba pa katoni yake musanailowetse mu kesi, ikakana simuvutika kumasula.

Timawaya ta batani loyatsira tija ndiye mayeso, tolembedwa ting'onoting'ono, ndinachita kuunika ndi tochi ya foni kabuku kali pa mwendo.

Kabaza_Digital:

Ine ndikhale wotsutsa pang'ono. Bwanji mukumuvutitsa mnyamatayu? Ku Lusaka ku town kuli ma Dell OptiPlex ndi ma HP a salaula ochoka m'maofesi a kunja mbwee, amangogula imodzi, kuikamo SSD ndi RAM, mawa ali pa ntchito ndipo chenji yatsala yogulira maikolofoni yabwino, poti mavidiyo a ukwati ambiri kuno chithunzi bwino koma mawu ngati ajambulira mu dramu. Kumanga wekha nkwabwino ukakhala pafupi ndi mashopu. Ife tili kuno makilomita opitirira 500 kuchoka ku Lusaka, chidutswa chimodzi chikabwera chakufa uchita bwanji? Uchikweze basi kubwerera ku Intercity, udikire sabata, wogulitsa ayambe zoti mwaotcha nokha. Wina aliyense waranti yake payekha, bodi kwina RAM kwina. Ine zinandichitikira ndi SSD, munthu anangosiya kuyankha WhatsApp.

Mdala_wa_Mawaya:

A Kabaza mfundo ya mtunda njoona, sindikana. Kwa munthu wa Word ndi Excel ngakhale ine ndimamuuza tenga ya salaula upite. Koma uyu akufuna kudzaika khadi mtsogolo. Ma OptiPlex ang'onoang'ono aja pawa yake ndi yochepa ndipo mapulagi ake ndi awoawo, si a 24 wamba aja, kesi nayo yopyapyala khadi yaikulu siilowa. Ndiye ambiri otchipawo ndi a 6th kapena 7th gen (mibadwo ya mapurosesa a Intel), pomwe Windows 11 mwalamulo imayambira pa 8th gen ndipo imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo), Windows 10 nayo Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Ngati wasankha salaula, 8th gen kupita m'mwamba, ya kesi yaikulu.

Za mtunda mankhwala ake ndi awa: purosesa, bodi ndi RAM ugule malo amodzi, tsiku limodzi, akuyatsire pomwepo uone BIOS ndi maso ako usanalipire, risiti ulembetse ma serial number. Kwera basi wekha, tikiti ndi yotchipa kuposa bodi yakufa. Pobwera katunduyo akhale pa miyendo, asalowe ku buti pamodzi ndi matumba, ukudziwa mmene msewu umakhotera ukamatsika ku Luangwa. Ena amadumphira ku Lilongwe kudzera pa Mwami poti ndi pafupi, kapena kuitanitsa kunja pa intaneti, koma uwerengeretu za msonkho, VAT yokha kwathu ndi 16%, chotchipa pa sikirini chimafika chitanenepa. Musanagule lowetsani mndandanda wonse pa PCPartPicker, ndi yaulere, imakuuza ngati zidutswa sizigwirizana. Mitengo yake musaiyang'ane, ndi ya kwa eni ake.

SSD kapena hard drive ya kale ukagula itsegule ndi CrystalDiskInfo, imaonetsa maola omwe yagwira ntchito. Anthu amati "yangogwira miyezi iwiri" koma ukaona maola ake ndi nkhalamba kuposa ine.

NaPhiri_Katete:

Ndinaiwala fumbi! Kesi usaike pansi pa simenti, ikweze pa tebulo kapena pa kampando. Yanga inali pansi pafupi ndi khomo, shopu ili m'mbali mwa msewu, kufika October kutentha kuja inayamba kuzima yokha masana, kutsegula ndinapeza fani yavala bulangeti la fumbi lofiira, ndi kangaude atamanga kale nyumba pa kona. Sankha kesi ya maukonde kutsogolo yokhala ndi sefa yochotseka, osati ya galasi mbali zonse ndi timagetsi ta mitundumitundu, timagetsito sitiziziritsa kanthu. Popemerera ndi blower gwira fani ndi chala isazungulire.

Jombo_wa_ku_Mchini:

Eee zikomo kwambiri akuluakulu, ndikanagwa m'dzenje ndithu, uja wa DDR5 ndinali nditamuuza kale kuti andisungire mpaka Lachisanu, ndamuuza agulitse kwa ena. Ndalemba chonchi: i5-12400 yopanda F, bodi ya B660 ya DDR4 (ikadula ndibwerera ku H610), 8GB ziwiri, NVMe 1TB, pawa ya 550W ya dzina, kesi ya maukonde, UPS. Khadi ndidzaona ikatha Nc'wala, ku Mtenguleni February ntchito imapezeka. A Kabaza za maikolofoni mwandilasa, mayi wina anandibwezera flash akuti malumbiro a mwana wake sakumveka, kumangomveka mphepo ndi jenereta.

Ndikwera basi ya m'mawa Lolemba, ndikagona kwa asibweni ku Chawama. Funso lina, kunyumba ndili ndi kasola ndi inveta yaing'ono yomwe timaonera TV malaiti akapita, ndingalumikizeko kompyutayi mmalo mogula UPS? Ndalama ikhoza kutsalako.

Mdala_wa_Mawaya:

Tembenuza invetayo uwerenge kumbuyo. Ikalembedwa modified sine wave usayese, mapawa saplai abwino a masiku ano ena sagwirizana nayo, amalira kapena kuzima. Ikakhala pure sine wave ndipo mawati ake akwana zitheka, koma iyenera kukhala yolandira yokha malaiti akangothima, ngati ndi ija mumachita kudzuka kukasintha pulagi ndiye kompyuta izima usanafike nkomwe. Jambula chomata cha kumbuyoko utumize pano tione, ndi batire yake yomwe.